Theka la Mutu wa a Gilibati

Magetsi anathima makina ali pakati penipeni pa mutu wa a Gilibati. Kumanja kunali see ngati dzira, kumanzere kuli thengo. Lusayo wometa anagogoda makinawo pachikhatho, anawauzira mpweya, koma makina a magetsi samva zonyengerera.

"Dikirani pomwepo, madala. Ndikutumizirani mnzanga wodziwa lumo," anatero, n'kuthamangira kumsika wa Mitundu.

A Gilibati analibe nthawi yodikira. Masana omwewo kunkabwera alendo odzafunsira ukwati wa Martina, mwana wa mlongo wawo, ndipo mwini mbumba anali iwowo. Akavomera iwo, ukwati ulipo. Akakana, watha. Yankho anali atalikonza kale: ayi. Koma ayi wa munthu wometa theka samveka. Anthu amangoseka.

Posakhalitsa munalowa bambo wina wa malaya oyera. Anavula jekete n'kulikoloweka pamsomali.

"Wachedwa," anatero a Gilibati. "Malezala ali apo. Maliza."

"Pepani bambo, inetu..."

"Iwetu chiyani? Ukufuna ndikakane ukwati ndili ngati munda wolima mbali imodzi?"

Bamboyo anayang'ana pakhomo, anayang'ana mutuwo. Zinaonekeratu kuti ntchito yosiyidwa pakati imamuwawa mumtima. Anapinda malaya. Anasamba m'manja ndi sopo, chala chimodzichimodzi, mpaka m'zigongono, mpaka a Gilibati anafunsa ngati amutungire madzi asambiretu thupi lonse. Anatsegula lezala latsopano n'kulipukutabe ndi sipiriti. Kenako anagwira mutuwo ndi nsonga za zala, kuutembenuza uku ndi uku monga amachitira amayi posankha dzungu.

"Munagwapo panjinga?"

"Kalekale, ndikuchokera ku Nathenje ndi thumba la fodya. Wadziwa bwanji?"

"Pali kadzenje apa. Mutu umakupwetekani m'mawa? Maso saona ziwiriziwiri?"

"Kodi ukumeta kapena ukuombeza?"

Lezala linayamba kuyenda. Linkayenda mofewa kwambiri moti a Gilibati anatsinzina, ndipo pakamwa panatseguka pokha, monga zimakhalira pampando wometera.

"Munthu akufuna Martina wathuyu sindinamuone, ndipo sindikufuna kumuona."

Lezala linaima pang'ono. Kenako linapitiriza.

"Akuti ndi dokotala wa ubongo. Amaboola chigaza, n'kuchivundukula ngati poto, n'kumasakasaka zotupa m'katimo. Ena akuti amawachita opaleshoni ali maso, akucheza nawo! Zaka zonsezi ntchito yake ndi yomweyo, kusuzumira m'mitu mwa anthu. Munthu wotere ukakangana naye madzulo, m'mawa udzuka utaiwala dzina la amako."

"Mwina amathandizako anthu," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Ena a khunyu amasiya kugwa akawachotsa kachipsera mu ubongo."

"Nyimbo imeneyo Martina wandiimbira kale. Akuti mtsikana wina wa ku Malingunde ankagwera pamoto, pano ali ku sekondale. Chabwino, Mulungu amudalitse. Koma azikachiritsa a ku Malingunde komweko. Pamutu pa munthu wa mbumba yanga sadzakhudzapo. Ine ndili moyo? Ayi!" Anamenya pabondo, mutu n'kugwedera.

"Musagwedezeke."

Mawuwo sanali okweza, koma a Gilibati, amene chimwalirireni agogo awo sanamverepo munthu, anauma ngati chitsa.

Ntchito inapitirira. Nthawi ina bamboyo anatambasula dzanja kumbali osayang'anako, n'kunena kuti, "Thonje." Anadikira. Poona kuti palibe amene akumupatsira, anatsokomola n'kukatenga yekha. A Gilibati anaganiza kuti ometa a masiku ano ayamba matama, koma sananene kanthu. Lezala linali pafupi ndi khutu.

Bamboyo atawapatsa kalirole, a Gilibati anayang'ana kutsogolo, anapendeka, anasisita ndi chikhatho. Panalibe bala ngakhale limodzi. Ngakhale kadzenje ka njinga kaja lezala linali litatsikamo n'kutulukamo bwinobwino.

"Lusayo amandisiya ngati ndalimbana ndi mphaka," anatero. "Koma ili ndi dzanja la munthu woleza mtima. Munthu wogwira mutu wa mnzake chonchi sangazunze mkazi. Uli pabanja?"

"Ayi, bambo. Ndikufunsira kumene."

"Akakukana ndi zitsiru. Mwini dzanja ili atandipempha Martina, ndimupatsa lero lomwe, dzuwa lisanapendeke. Pali mlongo wanga!"

"Mwalumbira, bambo?"

"Wagontha? Ndati pali mlongo wanga."

Nthawi yomweyo pakhomo panasuzumira Martina, foni ili m'manja, ali wefuwefu.

"Dickson! Ndinati upite ukametedwe, iwe ukumeta anthu? Mitu ya kuchipatala ija sikukukwana?" Ndiye anaona nkhope ili m'kalirolemo. Anagwada pomwepo. "Malume!"

A Gilibati anafuna kudzuka.

"Musagwedezeke, malume," anatero dokotala. "Kwatsala kuseri kwa khutu."