Dzina la Warrick M'nyuzipepala

Ndinamuona komaliza Warrick atakhala pakhonde pathu ku Darlinghurst, nyuzipepala ili pamiyendo, diso lamanzere likadali lotupa.

"Taona, Lenny, ndatchuka," anatero akuseka. "Dzina, nambala ya nyumba, ntchito: mphunzitsi. Sanaphonye ngakhale chilembo chimodzi."

Anyuzipepala anali atasindikiza mayina a onse amene apolisi anawagwira Loweruka lija, pomwe ife amuna okonda amuna ndi akazi okonda akazi tinayenda poyera pachionetsero mumsewu wa Oxford Street koyamba. Langa munalibe. Pamene apolisi ankamukokera m'galimoto, Warrick anandigwira dzanja. Ine ndinalipulumutsa n'kuthawa.

"Ahedi aimba kale foni, akuti ndisapondekonso kusukulu," anatero Warrick pakhonde paja. "Amayi sanaimbe."

"Ndijombe kukoleji, tikhale limodzi?"

"Pita, wamantha iwe." Anandipsompsona pachipumi. "Wina mwa ife akhale ndi tsogolo."

Ndinapita. Lija linali tsiku langa lomaliza m'kalasi; sindinabwererekonso.

Chaka chino anzathu akuti tiyendanso mumsewu uja, ndipo andipempha kuti ndinyamule chikwangwani cha dzina lake, ndi dzanja lomwe lija.

Asodzi ndiwo anapeza mtembo wa Warrick m'munsi mwa matanthwe a kunyanja. Linali Lachinayi, pa 29 Juni 1978.