Dazi la Muimba

Padangotero, Bakha, mkulu wa gulu la zisudzo la kudambo, adalengeza malonda otchipa mokayikitsa: "Zisudzo zathu zachilimwe chino kulowa ndi ulere. Koma ukaseka, usiya nthenga imodzi, tisokere zovala."

Muimba, amene ankanyoza chilichonse chapamudzi, adati, "Mayi Bakha, mwaluza. Ine ndimadyera pamaliro, kuseka sindikudziwa. Ndionera zonse osathothoka ngakhale kanthenga."

"Khalani kutsogolo kuno, achimwene, muone bwino," adatero Bakha.

Sewero loyamba lidali la wakuba. Kamba ndiye adaba dzungu, wapolisi womuthamangitsa n'kukhala Birimankhwe, mwendo uli m'mwamba ukuganizirabe potera.

"Wachita bwino kuima, mbava iwe!" adakuwa Birimankhwe.

"Musandinyoze bwana, ndikuthawatu apa!" adayankha Kamba.

Muimba adatseka pakamwa, mapewa akugwedezeka, mpaka chikhakhali chidaphulika. Bakha adangotambasula phiko n'kumuzula nthenga imodzi.

M'mawa mwake Muimba adabweranso, ati dzulo lija chidali chifuwa chabe. Sadajombe mpaka sewero lomaliza. Anzake adalipira nthenga ziwiri zitatu. Iye adalipira zonse zakumutu mpaka m'khosi, ndipo dazilo akuyenda nalo mpaka lero.