Chipewa Chachikasu

"Tandigwirira mwanayu," anatero Sisita Molefe, namwino wa pakiliniki ina kuseri kwa Kroondal, uku akupisa m'thumba kufuna foni.

Rukia analandira khandalo. Maganyu atasowa, anadzipereka kumathandiza pasikelo ya ana popanda malipiro, poganiza kuti mwina tsiku lina adzamulemba ntchito. Wake mwana anamusiya ku Mangochi ndi agogo ake, asanayambe n'kukwawa komwe.

"Mwana wanga Lerato ali kwanu ku Malawi," anatero Sisita Molefe, "akuthandiza pachipatala cha kumudzi ngati iwe. Taona chithunzi watumizachi."

Pachithunzipo Lerato anali atanyamula kamnyamata kovala chipewa chachikasu, kakumukoka ndolo.

"Akuti kameneka sikamusiya. Kamabwera ndi agogo, mayi ake sanawaonepo, mwina n'kamasiye. Dzulo kamuitana kuti amama. Lerato mpaka analira."

Rukia anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, khanda la eni lili paphewa.

"Kayamba kulankhula?"

"Eya. Bwanji, ukukadziwa?"

"Chipewacho ndinagula kurenki ya mateksi ku Rustenburg konkuno," anatero Rukia, akuika khanda lija pasikelo. "Ndimaopa kuti sichimukwana."