Mwendo Umodzi wa Kakowa

Padangokhala Kakowa, mbalame yonyadira nthenga zake zoyera, amene anamanga chisa kuseri kwa katauni kena. Pansi pa mtengo wake panali dziwe lolandira madzi a m'zimbudzi za m'tauni. Madziwo ankayamba agona m'dziwemo, nyansi n'kukhazikika pansi, kenako n'kusefeka m'bango asanatsikire kumtsinje. Woyang'anira dziwelo anali Mlamba, ndipo mnzake wocheza naye Kakowa anali yekhayo.

"Achimwene, fungoli landikwana," anatero Kakowa tsiku lina. "Mukusungiranji nyansi ngati chuma? Tsegulani zizipita, mtsinje sukana katundu."

"Kumunsiku anzathu akumwa omwewa," anayankha Mlamba. "Alekeni ayambe ayera."

Kakowa anapsa mtima. Anakanyengerera Mfuko kuti aboole khoma la dziwe, ndipo madzi akuda bii anathamangira kumtsinje osadzera m'bango. Dziwe linaphwa, Mlamba n'kudzikwirira m'matope.

"Ndapambanatu, achimwene!" anakuwa Kakowa.

Njala itamugwira, anaulukira kumunsi komwe ankadya masiku onse. Anapeza matemba akuyandama, mimba zili m'mwamba. Achule anali atasamuka, Katumbu atanyamula ana ake osatsanzika. Fungo ankalithawa lija linali litafika kale, likumudikira.

Mpaka lero mukamuona Kakowa ali duu m'mbali mwa madzi, yekhayekha, ataima ndi mwendo umodzi, musamufunse. Nthenga zikadali mbee, koma mwendo winawo akuopa kuuviika m'madzi amene anaipitsa yekha.