Chithunzi Choyamba cha Shagufta

"Chibwano pansi pang'ono. Ayi, sindinati uwodzere."

Shagufta anachotsa diso pa kamera n'kupita kukamukonza yekha mtsikanayo. Anamugwira phewa n'kulitembenuzira kuzenera, kenako anabweretsa tsitsi lolukalo kutsogolo kuti kutalika kwake kuoneke. Mtsikanayo anali Nighat, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankaoneka ngati wabwera kudzazulitsa dzino.

Aka kanali koyamba kuti Shagufta ajambule munthu popanda wina womuimirira kumbuyo. Miyezi inayi anakhala akuphunzira mu situdiyo ya alamu ake a Liaquat, akulu ake a mwamuna wake, pamsika wa nsalu mumzinda wa Jhelum. Sikuti kamerayo ankaikonda. Mwamuna wake Mansoor anali kunja, ku Muscat, chaka chachisanu tsopano, akuwotcherera zitsulo, ndipo ana aakazi atatu sadya makalata. A Liaquat nawo anali ndi vuto lawo: mabanja ambiri salola mwana wamkazi kuvula mpango pamaso pa mwamuna wachilendo. Ndiye anapangana mwachidule. Chithunzi chalero chikatuluka bwino, chipinda cha kuseri kwa katani chikhala cha Shagufta, ndi malipiro ake pamwezi. Chikaipa, abwerere kukhitchini kwa apongozi.

A Liaquat anali mphunzitsi wolongolola, koma ntchito ankaidziwa. "Timakamera tam'thumbati timagwira munthu kukamwa kuli yasa ngati mbuzi," ankatero. "Kuno munthu timam'khazika pansi. Timam'patsa nthawi yoti aoneke mmene akufunira kuti adzukulu adzam'dziwe. Chithunzi chotere chimakhala pakhoma zaka makumi asanu osachititsa manyazi." Kuwala kuchokere kumbali, osati kumaso. Manja apatsidwe chogwira. Msana uwongoke, koma munthu azipuma. Shagufta anazimva zimenezi m'mawa uliwonse, atachapa kale, ataphika kale, atakuwira kale ana mpaka mawu kusasa.

Mtsikanayu anabwera ndi apongozi ake a Shagufta enieniwo, amene mawondo awo sawalola n'komwe kufika pachipata. Apongoziwo anakhala pampando wa pakona, akudzikupiza ndi nyuzipepala. Shagufta sanafunse kanthu. Maso anali nawo. Tauqeer, mwana wa a Liaquat, anali atangomaliza maphunziro a zamagetsi, ndipo mwezi wonse m'nyumba munali manong'onong'o amene ankatha Shagufta akangolowa. Nkhani za ukwati zimayenda choncho mpaka mbali zonse zitavomera.

"Anti, ndikuoneka bwanji?" anafunsa Nighat, milomo ili gwa.

"Ngati wagwidwa ukuba nkhuku. Masula nkhopeyo. Mwamunayo unamuonapo?"

"Ayi. Akuti akaona chithunzi ndiye anena."

"Ndiye usaope. Ndi anthu ofatsa. Makutu okha ndiwo aakulu, pamtundu ponse. Ukadzabereka, uzidzayamba wayang'ana makutu."

"Make Rubina, jambula," anatero apongozi. "Sitinabwerere nthabwala."

Koma mtsikanayo anali ataseka kale. Kusekako kutatha, panatsala kanthu kena m'maso, kofewa, ndipo phewa linatsika lokha pamalo pake. Shagufta anali ataphunzitsidwa kudikira kamphindi kameneko. Anadina.

Sanakhutire. Anasuntha nyale, anam'patsa mtsikanayo duwa la pepala kuti zala zileke kupotana, anawongola khwinya la malaya pachiuno. Thukuta linali kutsika kumsana. Anajambula kasanu, ngakhale a Liaquat amadandaula ndi filimu ngati ndi magazi awo. Mwana wa eni ake akulowa m'banja lovuta, anaganiza choncho, bola alowe akufunidwa.

Mawa lake masana anakumananso momwemo. A Liaquat anatulutsa chithunzi chachikulu, chitauma bwino, n'kuchigwira m'mbalim'mbali ndi nsonga za zala. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Nighat anali ataima patsogolo pa mapiri opentedwa pansalu ya kukhoma, tsitsi pachifuwa, kuwala kutagwira tsaya limodzi, ngati munthu amene sanaopepo kanthu chibadwire.

"Mlamu," anatero a Liaquat, maso ali pachithunzi pomwepo, "ine zaka makumi atatu sindinajambulepo chotere. Chipinda ndi chanu. Muyambe Lolemba."

Shagufta anakhala pansi. Sanalire, alibe nthawi yake, koma m'mutu anali atafika kale kusitolo ya nsapato ndi Rubina, amene zala zinkatulukira kutsogolo. Anaganizanso zomuuza Mansoor m'kalata ya mwezi uno, kuti asamadzipanikize kwambiri kudzuwako, kuno wayamba kuthandiza.

Apongozi analandira chithunzicho, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anachikulunga m'pepala lofewa mosamala kuposa mmene anagwirirapo mdzukulu aliyense.

"Amayi, Tauqeer mumuonetsa lero?" anafunsa Shagufta akumwetulira. "Ndikufuna ndikhalepo. Makutu aja akafiira mpaka kuyaka."

A Liaquat anatembenuka n'kuyamba kupukuta diso la kamera lomwe linali loyera kale.

"Tauqeer akadali mwana," anatero apongozi, akulowetsa chithunzicho mu envulopu ya ndege. "Ichi chikupita ku Muscat. Mansoor akufuna mwana wamwamuna, ndipo zithunzi ziwiri anabweza kale, akuti sizinkaoneka bwino. Ichi sabweza."