Kupuma Kwachiwiri ku Maganga

M'chaka cha 1949 ndinkathandiza dokotala wa ziweto ku Maganga. Mbuzi zinkatupa matumbo, ndipo iye ankafufuza ngati mankhwala ogonetsa, kololofomu, amachepetsa kutupako.

Tsiku lina kutangoda, tinagoneka mbuzi patebulo n'kuing'amba pamimba. Ulusi wosokera unatithera.

"A Enock, musachotse nsalu pamphuno pake," anatero dokotala. "Ikadzuka mimba ili chotsegula chonchi, ifa ndi ululu."

Anapita kukatenga ulusi kunyumba kwake, atatseka chitseko ndi mpiringidzo kunja poopa afisi.

Ndinkadontheza mankhwala pansalupo, ndikuwerenga kapumidwe ka mbuziyo ndi kuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Kenaka ndinamva kupuma kwina kumbuyo kwanga. M'chipindamo munalibe chamoyo china.

"Ambuye Yesu, musandisiye," ndinanong'ona. Sindikanatha kuthawa, ndipo kucheuka ndinkaopa.

Nthiti za mbuzi zinaleka kugwedera. Koma kupuma kuja kunapitirira, kofunda, pafupi ndi khutu langa.

"Onjezani pang'ono, bambo," anatero mawu a mayi amene sindinkamudziwa. "Ndikumvabe kuwawa."