Pijo ya malemu bambo ake a Anock

Panali munthu wina ku Kawale, dzina lake Anock, waphuma chibadwire. Ndi anthu aja madzi asanawire iwo agwira kale kapu ya tiyi. Amene anandiuza nkhaniyi amalumbira kuti ndi yoona.

Bambo ake pomwalira anasiya chinthu chimodzi chokha, Pijo 404 yakalekale. Inakhala zaka khumi ndi ziwiri kuseri kwa nyumba, itakwezedwa pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. M'nyumbamo munkakhala amayi ake. Malata anali atabowoka ngati sefa, khoma lakuchipinda litang'aluka, ndipo aliyense ankaona kuti nyumbayo siipirira dzinja lina.

Mu Okutobala kunabwera bambo wina wa ku Area 47, a Ephraim, wokonda kugula galimoto zakale. Anaizungulira Pijo ija, anagwada n'kusuzumira kunsi, anatsegula boneti, anapukuta nambala ya injini ndi chala n'kuiyerekeza ndi ya mu bulubuku. Kenako anatchula mtengo. Ndalamazo zinali zokwana kufolera nyumba yonse ndi kumanganso khoma lija.

"Ndikupita ku Mzuzu, ndibwera pakatha masabata atatu," anatero a Ephraim. "Koma chonde musaigwire. Ngakhale kutsuka, musatsuke."

Kuyambira tsikulo mtima wa Anock sunakhalenso m'malo. Akalowa m'nyumba, watuluka. Akakhala pansi, wadzuka kukaiyang'ananso. Ngati munthu akupereka zonsezi pa chiphakasa chonunkha zitosi, nanga itawala? Ngakhale wogulitsa tomato pa Lizulu amayamba wapukuta.

Anathamangira ku Biwi kwa a Esau, makaniko wachikulire amene ankaikonza galimotoyo malemu ali moyo.

"Mphwanga, usayerekeze," anatero a Esau. "Anthu amenewa amafuna penti yomwe inabwera nayo, injini yake, mipando yake. Akaona dzimbiri amadziwa kuti palibe chobisika. Ukangopenta, aziti wakwirira matenda."

"Aaa madala, inu nzeru zanu zinathera pa galimoto zolizira kukankha," anaseka Anock. "Town inasintha iyi."

"Chabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Anock anagulitsa njinga yake yamoto ya kabaza, yomwe inkadyetsa banja lake, n'kukokera Pijo ija kwa amisiri ena apansi pa mtengo. Kumeneko palibe anamuletsa. Mabowo a dzimbiri anamata ndi phala lomatira galimoto, n'kuthira penti yofiira kuti psuu. Mipando yachikopa anazula, n'kuikamo ya minibasi. Injini yakale inkatsokomola, ndiye anaichotsa n'kuikamo ya galimoto ina yomwe inachita ngozi. Zonse zochotsedwazo anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, aja amayenda ndi wilibala.

Mukanamuona! Kawale, Chilinde, Area 23, chigongono pawindo, hutala osapuma. Mkazi wake Olipa anangoti, "Abambo aja anati musaigwiretu." Anock anati akazi sadziwa geni.

Tsiku linakwana. A Ephraim analowa pageti, anaidutsa galimoto yofiira ija osaiyang'ana n'komwe, n'kulunjika kuseri kwa nyumba. Anapeza njerwa zokha.

"Galimoto ija ili kuti?"

"Ndi imeneyitu, bwana!" anatero Anock, mano onse pamtunda. "Ndakukonzerani. Tingowonjezerana pang'ono basi."

A Ephraim anatulutsa kamaginito m'thumba n'kukaika pachitseko. Kanagwa pansi, chifukwa pamenepo panalibe chitsulo, linali phala lokhalokha. Anasuzumira mkati. Anatsegula boneti, anayang'ana kanthawi, n'kutseka pang'onopang'ono ngati akutseka bokosi la maliro.

"Achimwene, ine ndinkafuna galimoto ya abambo anu. Iyi sindikuidziwa. Mukapeza injini ija ndi mipando yake, mundiimbire. Za penti tingakambirane."

Anock anauyatsa ulendo wapansi wosaka injini ndi mipando ija, poti njinga analibenso. Ku Biwi anamulozera ku Mchesi. Ku Mchesi anamuuza kuti mipando inasendedwa kale, chikopa anatenga osoka nsapato, koma za injini akafunse ku Mgona. Anafika ku Mgona thukuta lili kamukamu, n'kupeza bambo wina akukoleza ng'anjo yosungunulira zitsulo.

"Injini ya Pijo? Ee, inafika sabata yatha," anatero bamboyo. "Chitsulo cholemeracho tinaswa, chinapita pa lole. Mutu wake tinasungunula, ndi uwu." Analoza mapoto atsopano atandandalikidwa padzuwa. "Mukufuna sayizi yanji?"

Anock anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Anayesa kuitsatsa kwa ena. Aliyense akaona kuti nambala ya injini ikusiyana ndi ya mu bulubuku, ankabwerera chambuyo poopa kuti ndi yakuba. Okonda zakale ankati si yakale, ofuna yoyendera ankati ndi chiphakasa chodzola.

Mvula inayamba mu Disembala. Itagwa masiku atatu osalekeza, khoma lija linagwa masanasana, mwamwayi amayi ali kutchalitchi. Alongo awo a amayiwo anabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo kumudzi ku Dedza, kusiya poloti yomwe anakhalapo zaka makumi anayi.

Anock anati awaperekeze kudepoti pa Pijo ija. Amayi anakana. Anasenza chikwama chawo, anaiyang'ana galimotoyo, kenako mwana wawo.

"Abambo ako anandisiyira denga," anatero. "Iwe walisandutsa penti."

Phunziro: Chinthu chakale mtengo wake uli pa ukale wakewo, osati pa kuwala. Usanakonze chimene sukuchidziwa, funsa odziwa, ndipo akakuyankha umve. Kuthamanga sikufika. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja ali ndi galimoto ya malemu kuseri kwa nyumba ndipo manja awo ayamba kuyabwa.